Kandege Kanga ka Nsungwi

Kwathu ndi ku Euthini, m'dera la Inkosi Chindi, m'boma la Mzimba. Mudzi wathu uli kamtunda pang'ono kuchokera pa msika, ndipo anthu ake amalima chimanga, mtedza ndi fodya, ena naŵeta ng'ombe. Ndili wamng'ono ndinkakonda kupanga magalimoto a mawaya ndi a mapesi, monga amachitira anyamata ena onse. Ndege ndinkangoiona kutali m'mwamba ikusiya kamzere koyera pambuyo pake. Sindidaganizepo kuti tsiku lina ndidzaulutsa yangayanga pabwalo la agogo.

Nkhaniyi idayambira m'kalasi, ndili mu Sitandade 7. Tsiku lina aphunzitsi athu a sayansi adatisimbira za tindege touluka popanda munthu m'kati mwake, timene pa Chingerezi amatitcha kuti drone. Adati m'mwezi wa Malichi, 2016, boma lathu ndi bungwe la UNICEF adayesa ku Lilongwe ngati kandege kotere kangathe kunyamula timapepala todonthezera magazi a makanda, kupita nato ku chipatala chachikulu cha Kamuzu kuti akapimidwe. Mu Juni, 2017, adatsegula ku Kasungu malo oyeserako tindegeti, ofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la m'taunimo. M'chaka chomwecho ophunzira a kuno ku Malaŵi, mothandizana ndi anzao a ku yunivesite ya Virginia Tech ya ku America, adapanga kandege ndi manja ao. Kandegeko kadauluka makilomita 19, kuchokera pa chipatala cha Gogode mpaka pa bwalo la ndege la Kasungu.

Nditamva zimenezi ndidakumbukira dzinja lina pamene mlongo wanga wamng'ono adadwala malungo. Mtsinje wa pakati pa mudzi wathu ndi chipatala udadzaza, kotero kuti atate adakhala pagombe ndi njinga kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kupendeka, kudikira kuti madzi aphwe. Ndidadzifunsa mumtima kuti, “Kodi chinthu choti n'kuoloka mtsinje popanda kuponda madzi chimapangidwa bwanji? Nanga ngati ku Kasungu, boma loyandikana nafe, adachipanga, chingatikanike ife n'chiyani?”

Monga anthu ambiri a ku Mzimba, amalume anga amagwira ntchito ku Johannesburg. Kwathu amalume timaŵaitana kuti asibweni. Nthaŵi iliyonse akaimba lamya ndinkaŵavutitsa ndi nkhani ya kandege, mpaka adatopa nane. Mu Julayi, 2023, nditangomaliza Fomu 1, galimoto lobweretsa katundu wa anthu a ku Joni lidatisiyira thumba la mabulangete, ndipo m'kati mwa bulangete lina mudali kabokosi kolembedwa dzina langa.

M'kabokosimo mudali timota tisanu, kalikonse konenepa ngati pensulo. Mudalinso mapiko ozungulira asanu ndi atatu a pulasitiki, batire laling'ono la mavolti 3.7, rimoti yoyendetsera, ndi kabolodi kobiriŵira kochepera bokosi la machesi. Pansi pake padali pepala la malangizo ndi kakalata kakuti: “Mphwanga, thupi la kandege ndalisiya dala, upange wekha. Timota tofunika ndi tinai, kachisanu n'kosungira. Zimenezi ndazigwirira ntchito milungu iŵiri, choncho uzisamale.”

Pepala la malangizo ndidangoliyang'ana pamwamba, n'kulipinda. Ndinkadziona ngati katswiri, popeza pamudzi ponse padalibe wondiposa pokhota mawaya. Ndidatenga waya wokhuthala wa mpanda, ndi kupanga mtanda wa mikono inai. Pofuna kuti kaoneke ngati ndege yeniyeni, ndidaikako mateyala a zitsekerero za mabotolo ndi kanyumba ka woyendetsa ka chitini. Kenaka ndidagulitsa tambala wanga, ndalamayo ndi kulipira mkulu wina wokonza mafoni pa msika kuti aotcherere mawaya a timota ku kabolodi. Iyeyo adatsata bwino chithunzi cha papepala lija. Mapiko okha ndidavekera ndekha, ndikungotola lililonse limene dzanja lakhudza.

Agogo aamuna adali pakhonde, akuluka lichero. Ataona chimene ndidanyamula adaseka nati, “Kale tinkamva kuti chouluka ndi lichero, ndiponso usiku. Lero mdzukulu wanga afuna kuulutsa mpanda dzuŵa likuswa mtengo!”

Sindidaŵayankhe. Ndidapita kuseri kwa khola, kumene kudalibe wondiona, ndi kuyatsa rimoti. Timota tidalira ngati njuchi zolusa, koma kandege sikadanyamuke. Kadangokwekwereza pansi kakupendekera mbali imodzi, mpaka phiko lina lidakodwa mu udzu. M'malo mozimitsa, ine ndidaonjeza mphamvu. Posakhalitsa ndidamva fungo la chinthu chopserera. Nditakhudza kamota ka mbali imeneyo ndidapsa chala, ndipo sikadazungulirenso.

Usiku umenewo tulo sitidabwere. Ndinkaganiza za asibweni ndi milungu yao iŵiri ija. Kamota kopsako ndidakabisa m'bokosi la machesi, ndi kukankhira bokosilo m'denga. Atate atafunsa za kandege ndidangoti ntchito ikuyenda bwino.

Patapita masiku atatu ndidalimba mtima, ndi kupita kunyumba kwa aphunzitsi anga akale aja. Iwo adaŵerenga pepala lonse la malangizo mosafulumira, kenaka adandifunsa kuti, “Kodi kandege kakoka kakulemera bwanji?” Ndidasoŵa choyankha, pakuti funso lotere silidandifikepo m'mutu.

Sikelo yoyeza zinthu zopepuka padalibe, tsono aphunzitsi adapanga yaoyao. Adamangirira chingwe pakati penipeni pa ndodo yoongoka, napachika tizitini tiŵiri tofanana ku nsonga zake. Kandege adakamangirira ku chitini chimodzi, ndipo m'chitini chinacho ndinkathiramo madzi ndi sirinji yoyezera mankhwala a ng'ombe. Adandiphunzitsa kuti mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi. Ndodo idalingana nditathira mamililita 150.

“Taona tsono,” adatero aphunzitsi. “Pepalali likuti kamota kamodzi kamatha kukweza magalamu pafupifupi 35. Tinai tikweza angati?”

“Magalamu 140, aphunzitsi.”

“Ndiye iwe watisenzetsa 150. Ndiponso kuti kandege kaziuluka momasuka, kayenera kulemera theka lokha la mphamvu ya timota take. Usapitirire magalamu 70.”

Tidayeza timota, batire, kabolodi ndi mapiko pazokha, ndipo zonse pamodzi zidakwana magalamu 45. Motero thupi la kandege lidayenera kuchepera magalamu 25, chonsecho likhale lolimba. Ndidabwerera kumudzi ndikusinkhasinkha za chinthu chopepuka chotero. Mapesi ngopepuka, koma amathyoka msanga. Matabwa ngolimba, koma ngolemera. Ndikuloŵa pabwalo ndidaona agogo akung'amba nsungwi, ndipo pamenepo maso anga adatseguka.

Ndidanjuta pambali pao ndi kuŵafotokozera zonse, kupatula za kamota kopsa. Sadandisekenso ai. Adadzuka, nasolola m'denga la nkhokwe nsungwi yokhwima imene idauma chaka chathunthu. Adati nsungwi yaiŵisi imapindika ikamauma, ndipo yanthete imafumbwa. Adang'amba timizere tiŵiri, natipala ndi mpeni pang'onopang'ono, akumatiyerekeza ndi diso limodzi. Rula sadaifune. Adathyola kaudzu kamodzi, ndipo ndi kaudzu komweko adayeza mikono yonse inai kuti ilingane. Pakati pa timizereto adasemapo timipata kuti tilumane, ndi kumanga mtandawo ndi ulusi wosokera nsapato. Ine ndidadonthezerapo guluu.

Wokonza mafoni uja ataotcherera kamota kosungira, tidamangirira timota ku nsonga zinai za mtanda, kabolodi pakati, batire kunsi kwake. Ndidafuna kuthamangira kubwalo nthaŵi yomweyo, koma agogo adandigwira mkono. Adakhoma msomali pa chipika, nakhazika kandege pamutu pa msomaliwo. Kadapendekera kumbuyo. Adasuntha batire pang'ono, nayesanso. Adachita zimenezi kasanu ndi kaŵiri, kufikira kandege kadakhazikika osagwera mbali iliyonse.

“Mdzukulu wanga,” adatero, “goli likapendekera mbali imodzi, ng'ombe ya mbali imeneyo imatopa msanga, ndipo mzere umakhota. Ng'ombe zakozi ndi zinai. Uzigaŵire katundu mofanana.”

“Yeŵo, agogo,” ndidathokoza m'chilankhulo chathu.

Pa sikelo ya madzi ija kandege katsopano kadalemera magalamu 60 okha. Chimwemwe chidandipitirira, mwakuti ndidauza anzanga onse kuti abwere maŵa lake adzaone. Kudabwera ana ochuluka, ngakhale amai ena ochokera kumadzi adatula ndowa zao. Ndidaika kandege pakati pa bwalo, ndi kukankha kandodo ka rimoti. Kadatukula mbali imodzi, kenaka gubudu! kadagwa chagada, phiko limodzi n'kuthyoka. Ndidavekera lina ndi kuyesanso, koma zidachitika zomwezo. Bwalo lonse lidafa nalo phwete. Wina adafuula kuti, “Imeneyi ndi nkhuku yodwala chitopa!”

Manyazi adandigwira koopsa. Ndidatola kandege, ndi kukadzitsekera m'nyumba. Mumtima ndidati ntchito imeneyi njoyenera anthu a m'tauni, ine ndalekera pomwepa.

Madzulo mlongo wanga uja adaloŵa mwakachetechete, atagwira nthenga ya nkhuku. Nthaŵi imeneyo adali mu Sitandade 5. “Adumbu,” adandiitana monga timaitanirana kwathu, “pamene kandege kamalira ndidaona fumbi likuthaŵa mbali imodzi yokha. Tayatsaninso, koma mukagwire kuti kasagwe.”

Ndidakagwira kunsi mosamala, zala zili kutali ndi mapiko, ndi kuyatsa pang'ono. Iye adayendetsa nthenga pansi pa phiko lililonse. Pansi pa mapiko aŵiri nthenga inkakankhidwira pansi, koma pansi pa ena aŵiriwo inkakokedwera m'mwamba. Titayang'anitsitsa pa nyali tidaona kuti mapikowo sadali ofanana. Ena adali ndi chilembo A, ena chilembo B, ndipo adapotoka mosiyana. Ndidafunyulula pepala la malangizo lija, ndipo zonsezi zidalembedwamo poyera. Mwana wa Sitandade 5 adapeza ndi nthenga chimene ine ndidalephera kuchiona chifukwa cha liuma. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano ndifotokoze chimene ndidaphunzira usiku umenewo, poti ndiye mtima wa kandege ka mapiko anai, kamene dzina lake pa Chingerezi ndi quadcopter. Phiko likamazungulira limakankhira mpweya pansi, ndipo mpweyawo umakankhira kandege m'mwamba. Koma kamota kakamazunguza phiko kumanja, thupi la kandege limafuna kuzungulira kumanzere. Timota tonse tikadamazungulira mbali imodzi, bwenzi kandege kakungozungulira ngati nguli. N'chifukwa chake tiŵiri timazungulira monga muvi wa wotchi, tiŵiri tinato mobwerera, ndipo tozungulira mofanana timakhala pa ngodya zopingasana. Kamota kalikonse kali ndi mtundu wake wa phiko. Ukakaveka phiko la kanzake, limakankhira mpweya m'mwamba, ndipo kandege kamagudubuka monga kadachitira kanga.

Nanga kamayenda bwanji popanda chiongolero? Timota tonse tikathamanga mofanana, kandege kamakwera kapena kuima malo amodzi. Tam'mbuyo tikathamanga kuposa tam'tsogolo, kamaŵerama ndi kupita kutsogolo. Takumanzere tikapambana, kamapita kumanja. Kabolodi kobiriŵira kaja ndiko ubongo wake. M'kati mwake muli kachipangizo kamene kamamva kupendekeka kulikonse, ndipo kambirimbiri pa sekondi imodzi kamauza kamota aka kuti kaonjeze liŵiro, ako kuti kachepetse. Palibe dzanja la munthu limene lingachite zimenezi mwamsanga chotero.

Mwezi wa Ogasiti kwathu kumaomba mphepo ya mwera, imene imakula dzuŵa likakwera. Choncho tidadzuka m'mamaŵa, kunja kuli zii. Padalibe gulu la anthu tsiku limenelo, koma agogo atafunda bulangete, mlongo wanga ndi ine. Tidamangirira kandege ku njerwa ndi ulusi wotalika mikono iŵiri kuti kasathaŵe. Manja akunjenjemera, ndidakankha kandodo pang'onopang'ono. Fumbi lidathaŵa mbali zonse zinai. Kandege kadagwedezeka, kadasiya nthaka, ndipo kadaima m'malere pa msinkhu wa bondo langa.

Palibe adayankhula. Ndidakatsitsa, tidamasula ulusi, ndipo ulendo wachiŵiri kadakwera kufika pa denga la nkhokwe. Nkhuku zidabalalika poyesa kuti ndi kabaŵi. Agogo adavula chipeŵa, nayang'ana m'mwamba kukamwa kuli yasa. Patapita mphindi zisanu batire lidafooka, ndipo kandege kadatera m'mbali mwa khola. Pamenepo mlongo wanga adalulutira mpaka amai adatuluka m'nyumba ndi chipande m'manja.

Padatsala ntchito imodzi, yovuta kuposa zonse. Loŵeruka lake asibweni adaimba lamya, ndipo nditaŵauza kuti kandege kauluka, ndidaulula za kamota kopsa ndi za bodza limene ndidanamiza atate. Adakhala chete kanthaŵi, kenaka adati, “Mphwanga, ndidadziŵa kuti kamodzi kadzapsa, n'chifukwa chake ndidagula tisanu. Chimene ndinkadikira n'chakuti undiuze wekha. Tsopano pita ukapepese kwa atate ako.” Ndidapita, ndipo mtolo umene ndidausenza milungu itatu udatsika.

Kuyendetsa bwino kudanditengera mwezi wathunthu, ndipo mapiko osungira onse adathera pamenepo. M'masiku amenewo ndidaphunzira malamulo amene mnzanga aliyense wofuna kuyesa ayenera kuŵasunga. Mapiko ngakuthwa, motero kandege sakaulutsira pamwamba pa anthu kapena pa ziŵeto. Batire la mtundu umenewu saliboola, salisiya padzuŵa, ndipo likatupa salitchajanso, chifukwa lingathe kuyaka moto. Ife a nyumba zaudzu tiyenera kusamala koposa. Langa ndinkalitchaja pa sola ya pa msika, litakhala m'mbale yadothi, ine ndili pomwepo. Aphunzitsi adandichenjezanso kuti mlengalenga muli malamulo a boma: kandege sakaulutsira pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo wofuna kuulutsa chachikulu kapena chojambula zithunzi ayambe wafunsa ku ofesi yoyang'anira za ndege. Ngakhale pamudzi pomwe, atate adapita nane kwa a mfumu kukapempha malo oyeserapo, ndipo adatipatsa dambo louma la kumunsi kwa mudzi.

Ndisakunamizeni, anzanga: kandege kanga sikangaoloke mtsinje uja ndi mankhwala. Kamauluka mphindi zisanu zokha, ndipo mphepo ikakula kamatengeka ngati tsamba. Mbali zake zofunika sindidapange ndine, zidachokera ku sitolo ya kutali. Komabe kadandiphunzitsa kuyeza ndisanadule, kuŵerenga ndisanayatse, ndi kufunsa ndisanaononge. Ndidayamba ntchitoyi ndekha kuseri kwa khola, ndipo idakanika. Idatheka pamene adaikapo manja asibweni, aphunzitsi, wokonza mafoni, agogo amene sadapiteko ku sukulu, ndi mwana wa nthenga ya nkhuku.

William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, adali mnyamata wa zaka 14 pamene adapanga makina a mphepo opangira magetsi, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi buku la m'laibulale. Mu Januwale, 2020, ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu yotchedwa African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuyendetsa tindege totere. Ndimalakalaka kudzaphunzira luso limeneli mozama, ndipo n'chifukwa chake masamu, amene kale ndinkaŵathaŵa, lero ndimaŵakhalira pansi.

Kandege kaja kakali pakhonde la agogo, kopachikidwa pa msomali pakati pa malichero aŵiri. Alendo akafunsa, agogo amayankha kuti, “Malicheroŵa ndidaluka ndine. Ako kapakatiko tidaluka aŵiri ndi mdzukulu wanga.” Kamota kopsa kaja ndidakatsitsa m'denga, ndipo ndimakasunga m'thumba la mabuku, m'bokosi lomwe lija la machesi.

Mafunso

1. Kodi n'chiyani chidachitika ku Kasungu m'chaka cha 2017?
2. Chifukwa chiyani kandege ka mawaya sikadanyamuke?
3. Fotokozani m'mene aphunzitsi adayezera kulemera kwa kandege.
4. Agogo adatanthauzanji ponena za goli ndi ng'ombe zinai?
5. Chifukwa chiyani timota tiŵiri timazungulira mosiyana ndi tinzake?
6. Tchulani malamulo atatu oyenera kusunga poulutsa kandege.
7. Lembani chimangirizo chachifupi pa mutu wakuti “Chinthu chimene ndidapanga ndi manja anga”.